Bawuti ya Chitseko cha Galimoto Ikakana Kumasuka

Chitseko cha galimoto chimalendewera pa mahinjesi awiri, ndipo hinjesi iliyonse imagwidwa ndi mabawuti owerengeka, ena olowa m'chitseko, ena olowa mu mzati wa galimotoyo. Pa magalimoto ambiri opangidwira misewu yoipa, monga Toyota Land Cruiser, Toyota Hilux ndi Land Rover, mabawutiwa amakhala onenepa mamilimita 8, omwe m'mashopu amawatcha M8. Ndi tizitsulo tating'ono, totsika mtengo. Koma tsiku loti chitseko chichotsedwe likafika, bawuti imodzi ikhoza kuimitsa ntchito pa galaja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo ikagwidwa molakwika imasiya chiwonongeko chodula kuposa hinjesi yatsopano.

Vutoli si lachilendo m'boma la Milange, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, lomwe lachita malire ndi Mulanje pa chipata cha Muloza. Msewu waukulu wa N11 wopita ku Mocuba uli ndi phula, koma njira zambiri zolowera kumidzi, cha ku Majaua, Mongue ndi mbali ya Molumbo, n'zafumbi. Mmenemo ndi mmene mumadutsa maambulansi, magalimoto a mipingo ndi mabungwe, komanso a ogula chimanga, nandolo ndi fodya. Mabampu amagwedeza chitseko tsiku ndi tsiku mpaka kachitsulo kapakati pa hinjesi kamadyeka. Chitseko chimayamba kugwa mphuno, chimakhula pansi, chimafuna kuchinyamula kaye kuti chitsekeke. Mapeto ake ndi aja amaoneka pamsika: chitseko chomangidwa ndi malegeni, kapena dalaivala wotulukira mbali ya pasinjala. Chitseko chotero chikhoza kutseguka galimoto ili pa liwiro, munthu n'kugwera pamsewu. Kuti chikonzedwe, nthawi zambiri hinjesi iyenera kuchoka, ndipo apa ndi pamene mabawuti amayamba kuvuta.

Chimene chimamanga bawuti

Mdani woyamba ndi dzimbiri. Chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya chimasanduka dzimbiri, ndipo dzimbirilo limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene chadyekacho. Limafufuma ngati nyemba zoviikidwa m'madzi. Pakati pa mazinga a bawuti ndi a nati pali kampata kochepa kwambiri, choncho dzimbiri likafufumira mmenemo limadzaza kampatako n'kumanga zitsulo ziwirizo ngati chinthu chimodzi.

Nyengo ya ku Milange imathandizira zimenezi. Tauniyi ili m'tsinde mwa phiri la Tumbine, pafupi ndi phiri la Mulanje, dera la mvula yambiri kuyambira Novembala mpaka Epulo. Mvula ikatha sikuuma msanga, chifukwa m'miyezi yozizira kumabwera chiperoni, mawawa ndi nkhungu zija zimene zinatenga dzina ku phiri la Chiperone, lomwe lili m'boma lomweli. Galimoto imawoloka mitsinje, imatsukidwa kudambo, ndipo matope amene amakanirira kuseri kwa hinjesi amasunga chinyezi kwa masabata. Magalimoto amene anayenda m'madzi osefukira nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 anamwa madzi amatope mpaka m'kati mwa mizati, momwe palibe amene amatsukamo. Feteleza naye ndi woopsa: fumbi lake likanyowa limadya chitsulo msanga, ndipo pikapu ya mlimi kapena ya wogulitsa zipangizo zaulimi imanyamula feteleza chaka ndi chaka. Galimoto yomwe inakhalitsa ku Quelimane kapena ku Beira imabwera ndi mchere wa mphepo ya kunyanja, ndipo yochokera ku Britain imabwera ndi mchere umene amawaza m'misewu nthawi ya chisanu.

Land Rover ili ndi vuto lake lapadera. Khungu la zitseko za ma Defender ambiri ndi za Series zakale ndi la aluminiyamu, lokutidwa pa felemu yachitsulo. Zitsulo ziwiri zosiyanazi zikagundana pali chinyezi, aluminiyamu imadyeka n'kusanduka ufa woyera, ndipo ufawo umamanga bawuti molimba ngati dzimbiri. Mahinjesi ake ali panja penipeni, pomwe mvula iliyonse imawapeza. Fakitale ya ku Solihull inasiya kupanga Defender yakaleyi mu Januwale 2016, ndiye kuti iliyonse imene ikuyenda lero yakhala zaka zambiri mabawuti ake akunyowa ndi kuuma.

Pali zinthu zina ziwiri zimene si dzimbiri. China ndi penti: mahinjesi ambiri amapentedwa ali kale pa galimoto, ndipo galimoto ikapentedwanso kwa owongola, pentiyo imadzaza mutu wa bawuti ndi m'mphepete mwake. China ndi guluu wa mazinga, monga Loctite, amene mafakitale ndi amakaniko ena amapaka kuti bawuti isamasuke ndi kugwedezeka. Wofiira ndiye wolimba kwambiri, ndipo safewa ndi mafuta alionse. Amagonja akatenthedwa kufika pa madigiri pafupifupi 250.

Chinthu chofunika kuchimvetsa ntchito isanayambe ndi chakuti bawuti yolowa mu mzati ilibe nati yoti munthu angaigwire ndi sipanala. Nati yake ili m'kati mwa mzatiwo, yowotchereredwa pa kachitsulo kapena yogwidwa ndi kakhola kopyapyala. Pa Defender ndi kakhola kotereka, ndipo kamadziwika kuti kamathyoka kakachita dzimbiri. Nati imeneyi ikathothoka, bawuti imangozungulira osatuluka. Choncho wogwira ntchitoyi ali ndi zinthu zitatu zoti asawononge: mutu wa bawuti, thupi lake, ndi nati yobisikayo. Njira zonse zimene zikutsatirazi zaikidwa mu ndondomeko yoyambira pa yofatsa kupita pa yaukali, ndipo kudumpha ndondomekoyi ndi kumene kumawononga magalimoto ambiri.

Ntchito isanayambe

Funso loyamba n'lakuti kodi mabawutiwo akuyeneradi kumasulidwa. Ngati chadyeka ndi kachitsulo kapakati kokha, pa mahinjesi ena kamatheka kukagogoda n'kukatulutsa, kuikamo katsopano, mabawuti osakhudzidwa. Makaniko wosamala amayamba wayang'ana zimenezi.

Ngati hinjesi iyenera kuchoka, malo ake amalembedwa mozungulira ndi cholembera kapena msomali, kuti pobwezera chitseko chidzakhale pomwe chinali. Chitseko chimatsegulidwa n'kuchirikizidwa pansi ndi jeke, pakati pakuikidwa thabwa ndi chiguduli. Izi sizongotetezera mapazi a munthu. Chitseko cholendewera chimakoka mabawuti a hinjesi yam'mwamba, ndipo bawuti yomwe yasenza katundu simasuka bwino. Mawaya olowa m'chitseko amamasulidwa, batire n'kuchotsedwa waya wake, makamaka pa magalimoto atsopano okhala ndi kompyuta ndi matumba a mpweya oteteza pangozi.

Kenako mutu wa bawuti umayeretsedwa. Gawo limeneli ambiri amalipeputsa, chonsecho ndi limene limapulumutsa mabawuti ochuluka. Penti yozungulira mutu imadulidwa ndi mpeni, dzimbiri limapalidwa ndi burashi ya waya, ndipo ngati mutuwo ndi wolowetsamo sikuludiraiva, dothi ndi penti zimakolokosoledwa ndi kansonga mpaka pansi pa dzenjelo paoneke. Chida cholowa theka lokha chimaterereka pa mphamvu yoyamba.

Chidacho chiyeneranso kukhala chake chenicheni. Bawuti ya M8 ya ku Japan imakhala ndi mutu wa mamilimita 12, pomwe ya ku Ulaya imakhala ndi wa 13. Amene waika sipanala ya 13 pa bawuti ya Toyota amaona ngati yakwana, koma akangokoka makona onse amafafanizika. Soketi ya makona 6 ndiyo yoyenera, chifukwa imagwira m'mbali mwa mutu. Ya makona 12 imagwira pansonga pokha, ndipo sipanala yotsegula kukamwa kapena shifitingi zisayandikire n'komwe. Pa Hilux, pomwe mahinjesi abisika pakati pa chitseko ndi phiko lakutsogolo, mpata ndi wochepa moti soketi imalowa mopendekera. Kuli bwino kutaya ola limodzi kumasula phikolo kusiyana ndi kukoka chopendekera.

Mitu ya mtanda ndiyo imanyenga kwambiri. Ilipo ya mitundu itatu yofanana m'maonekedwe: Phillips, Pozidriv ndi ya ku Japan yotchedwa JIS. Pozidriv imadziwika ndi timizere tinayi tating'ono pakati pa mikono ya mtandawo, ndipo imapezeka pa magalimoto a ku Ulaya. Sikuludiraiva ya Phillips ikalowa mu mutu wa mtundu wina sikhala pansi bwino, imadzikankhira kunja pamene ikupotokoledwa n'kumadya mutuwo. Ma Defender a m'zaka zomalizira ndi ma Jeep Wrangler ali ndi mitu ya nyenyezi ya nsonga 6 yotchedwa Torx. Iyi imagwira bwino, koma nambala zake zimayandikana, moti yocheperako pang'ono imalowa ndithu n'kuwononga. Chida choyenera chimalowa mothina, mwina mpaka kuchigogoda pang'ono, ndipo sichigwedera.

Mafuta, hamala ndi dzanja

Mafuta olowerera m'mazinga amafuna nthawi. Kupopera lero n'kukoka pompo n'kungotaya mafutawo. Galimoto ikakhala kuti ikubwera ku galaja Lachisanu, mwiniwake ayambe kuthira Lolemba, m'mawa ndi madzulo, ndipo ngati pali kabowo kolowera m'kati mwa mzati athirenso kumeneko, chifukwa dzimbiri lalikulu limakhala kunsonga kwa bawuti komwe kwatulukira kuseri kwa nati. WD-40 ndiyo yodziwika kwa aliyense, ngakhale kuti inapangidwa makamaka kuti ichotse chinyezi. Alipo mafuta ena opangidwira dzimbiri amene amalowerera bwino kuposa iyo. Kumene kulibe zonsezi, dizilo kapena palafini wosakaniza ndi oilo pang'ono amagwira ntchito ndithu. Amakaniko ambiri amathira mafuta a mabuleki. Amalowereradi, koma amasupula penti, ndipo pa hinjesi ya panja amasiya mzere woyenderera mpaka pansi pa chitseko umene sudzafafanizika.

Pambuyo pa mafuta pamabwera hamala. Dzimbiri ndi lolimba koma losachedwa kusweka, choncho kumenya mutu wa bawuti molunjika, kudzera pa kachitsulo kolimba kokwana pamutupo, kumaliphwanya m'kati n'kutsegulira mafuta njira. Kumenya kwake kukhale kwakuthwa, kobwerezabwereza, osati kwa nyundo yaikulu yophwanyira miyala, poti mzati ndi chitsulo chopyapyala ndipo kakhola ka nati kali kuseri komweko.

Chida chimene chimaphatikiza kumenya ndi kupotokola ndi impact driver yapamanja. Ndi chitsulo chonenepa chokwana m'dzanja, kutsogolo kwake kumalowa nsonga ya sikuludiraiva kapena soketi. Chikamenyedwa ndi hamala kumbuyo, chimakankhira nsongayo m'kati mwa mutu ndipo nthawi yomweyo chimaipotokola pang'ono. Pa mitu ya mtanda palibe chida china choposa ichi, ndipo sichifuna magetsi. Galaja iliyonse yolandira ma Land Rover iyenera kukhala nacho. Chofunika n'kuonetsetsa kuti chatcheredwa mbali yomasula, ndi kupaka nsonga yake phala lopalira mavavu, lomwe lili ndi mchenga wosalala wothandiza kuti isaterereke.

Pokoka ndi dzanja, poyamba bawuti imamangidwa pang'ono kwambiri, ngati kuti ikuwonjezeredwa, kenako n'kubwezedwa. Ikangosuntha, ngakhale pang'ono chotani, mphamvu imachepetsedwa. Imabwezedwa m'kati, kuthiridwa mafuta, kutulutsidwanso mopitirirako pang'ono, kubwezedwanso, mpaka itayenda yokha. Mabawuti ambiri amaduka atayamba kale kumasuka, chifukwa nsonga yadzimbiri ija imafika pa nati n'kuthina, ndipo munthu amene wasangalala kuti yayenda amangopitiriza kukoka. Dzanja lozolowera limamva kusiyana: bawuti yomasuka imalira kuti "kwe" n'kupepuka, pomwe imene ikupotoka thupi imafewa mwakachetechete ngati ikutafunika. Ikafewa choncho, ntchito iime.

Apa mpofunika kunenapo za paipi imene amakaniko amakonda kuvekera ku sipanala. Bawuti ya M8 yolembedwa 8.8 pamutu imamangidwa ndi mphamvu ya ma newton mita pafupifupi 25. Munthu wokankha ndi mphamvu ya makilogalamu 20 kunsonga kwa paipi yotalika mita imodzi amaika pa bawutiyo ma newton mita pafupifupi 200, kuwirikiza kasanu ndi katatu. Paipi ndi yoyenera pa manati a matayala a lole kapena pa masipuling'i. Pa hinjesi imadula bawuti munthu asanamve n'komwe kuti chinachake chalakwika.

Moto

Mafuta ndi hamala zikalephera, moto ndiwo umatsatira. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera, ndipo kuyenda kumeneku kumaswa dzimbiri ndi kupsereza guluu wa mazinga. Pomwe nati ikuoneka, monga m'kati mwa chitseko cha Defender akachotsa chikuto cham'kati, natiyo ndiyo imatenthedwa kuti ikule n'kusiya bawuti. Pomwe yabisika mu mzati, umatenthedwa mutu wa bawuti, kenako n'kudikira kuti uzizire ndithu musanakoke, chifukwa bawuti yotentha yakula ndipo yafewa. Mafuta othiridwa chitsulo chikadali chofunda, osati chotentha, amalowerera msanga.

Chitseko si malo abwino a moto. Pafupi pomwepo pali galasi, mphira zotchinga madzi, mawaya, mapulasitiki ndi penti, ndipo m'kati mwa mzati mwadzaza mafuta amene akhala akuthiridwa sabata yonse. Zonse zotheka kuchotsa zichoke, zotsalazo zikutidwe ndi ziguduli zonyowa ndi chidutswa cha lata, ndowa ya madzi kapena mchenga ikhale pambali. Lawi likhale laling'ono, lolunjika pamutu pokha. Pa Land Rover pamafunika kusamala kowirikiza: aluminiyamu imasungunuka pa madigiri 660 ndipo sifiira kaye ngati chitsulo. Wowotcherera wozolowera kudikira kuti chitsulo chifiire amangoona khungu la chitseko lachita dzenje. Mankhwala ena opopera otsukira mabuleki ali ndi klorini ndipo akakhudzana ndi moto amatulutsa mpweya wakupha, choncho pamalo poti patenthedwe asapoperedwe.

Mutu ukafafanizika

Nthawi zambiri galimoto imafika kwa mmisiri wodziwa itadutsa kale m'manja mwa ena, mitu ya mabawuti ili yozungulira. Ngati unali mutu wa makona, soketi yocheperako ndi milimita imodzi imakhomeredwa ndi hamala, ya 12 pa mutu wa 13 kapena ya 11 pa wa 12. Mutu wotulukira kunja umagwidwa ndi pulayala yodzikhoma yotchedwa vice grip, yomangidwa mothina kwambiri. Wa mtanda umatheka kudulidwa mzere ndi sowo ya zitsulo kuti mulowe nsonga yaphwatalala ya impact driver. Tchizulo yakuthwa yokhomedwa m'mphepete mwa mutu, mopendekera mbali yomasula, imayendetsanso mabawuti ambiri, ngakhale imasiya zipsera pa hinjesi.

Njira imene imaposa zonsezi, pomwe pali makina owotcherera, ndi kuwotcherera nati pamutu wowonongekawo. Poyamba pamaikidwa washala wa bowo lofanana ndi mutuwo, n'kumuwotcherera pakati. Washalayo amateteza hinjesi kuti isagwirane ndi bawuti. Pamwamba pake pamaikidwa nati yaikulu, ya M10 kapena M12, n'kuidzaza m'kati. Phindu lake ndi lapawiri: bawuti yapeza mutu watsopano wogwirika ndi soketi, ndipo kutentha konse kwalowa m'thupi mwake mwenimweni osati m'chitseko. Ikazizira nthawi zambiri imatuluka mosavuta. Nati ikathothoka ulendo woyamba, imawotchereredwa ina, poti kutentha kwachiwiriko kumangowonjezera kuswa dzimbiri. Batire likhale lochotsedwa, ndipo waya wa ethi wa makinawo ugwire pa hinjesi pomwepo kuti magetsi asayende m'galimoto monse. Owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo m'tauni ya Milange ndi pa Muloza angathe ntchito imeneyi bwinobwino akauzidwa chimene chikufunika.

Kumene kulibe makinawa, mutu umabooledwa. Pa mabawuti a mitu yolowa m'kati mwa hinjesi, monga a Defender, dzenje la mtanda limatsogolera kale chiboolero pakati. Chiboolero cha mamilimita 8 chikafika pakhosi, mutu umaduka n'kutsala ngati mphete. Mitu yonse ikachoka hinjesi imasolokapo, ndipo pamatsala ziputu zotulukira kunja molingana ndi kuchindikala kwa hinjesiyo. Ziputuzi sizinasenze kanthu tsopano, mafuta akufika m'mazinga mwachindunji, moto ukhoza kuzipeza, ndipo vice grip kapena nati yowotcherera zimazigwira bwino. Amisiri ena odziwa amasankha njira imeneyi msanga, akangoona kuti mutu wayamba kudyeka.

Ikadukira m'kati

Bawuti yodukira pansi penipeni imafuna dzanja lodekha. Pamwamba pake pamasalazidwa, pakati penipeni n'kukhomapo kadontho ndi chitsulo chansonga. Kadontho kameneka ndiko kamagamula ntchito yonse, chifukwa chiboolero chikayamba pambali chimathawira m'mazinga a nati. Kuboola kumayamba ndi mamilimita 3, molunjika, pa liwiro lochepa, ndi dontho la oilo pafupipafupi. Liwiro lalikulu limapsereza chiboolero n'kuumitsa bawuti. Bowolo limakulitsidwa pang'onopang'ono mpaka mamilimita 6.8, womwe ndi muyeso wa m'kati mwa mazinga a M8 wamba, otalikirana milimita 1.25. Pofika apo chotsala cha bawuti chimakhala ngati kawaya kopota, kotheka kukakoka ndi kansonga, kenako tapu ya M8, chida chodulira mazinga, imayendetsedwa kuyeretsa mazingawo. Zilipo ziboolero zozungulira chakumanzere, zomwe nthawi zina zimakola chiputu n'kuchitulutsa chisanabooledwe chonse. N'zosowa, koma zoyenera kuzifunafuna ku Limbe kapena ku Quelimane.

Tizida tina timagulitsidwa m'timabokosi, tansonga zopota, toti tikhomedwe m'bowo n'kupotokola chiputu. Pa bawuti yoduka chifukwa chomangitsa timathandiza. Pa yadzimbiri n'tosadalirika mpang'ono pomwe: ngati mutu wa bawuti yeniyeniyo unalephera kuitembenuza, kachitsulo kowonda kuposa iyo sikangathe. Timafutukulanso chiputu n'kuchithinitsa, ndipo poti ndi ta chitsulo chouma kwambiri timaduka mwadzidzidzi. Kakadukira m'kati, chiboolero wamba sichikaboola, ndipo ntchito ya ola limodzi imasanduka ya masiku.

Nati yobisika ikathothoka, bawuti n'kumangozungulira, choyamba ndi kulowetsa tchizulo kapena chitsulo chaphwatalala pansi pa hinjesi n'kukanula uku mukumasula, kuti natiyo ikanikizike ku khoma la mzati n'kuima. Zikakanika, mutu umadulidwa, chotsalacho n'kugwera m'kati. Pa Defender timakola tatsopano timagulitsidwa patokha ndipo timalowetsedwa pa mpata wa pamzati pomwepo. Pa magalimoto ena mzati umadulidwa kawindo cham'kati, n'kuwotchereramo kachitsulo kochindikala kokhala ndi nati yatsopano, kawindoko n'kutsekedwa. Mazinga ongofafanizika amabwezeretsedwa ndi kawaya kopota kotchedwa Helicoil. Chimene sichiyenera kuchitika, ngakhale chimachitika kawirikawiri, ndi kuwotcherera hinjesi ku mzati kuti nkhani ithe. Chitseko chotero sichingasinthidwenso malo, chitsulo chopyapyala cha mzati chimang'aluka m'mphepete mwa chowotchereracho pakapita miyezi ya mabampu, ndipo wodzakonza pambuyo pake amayamba ndi kudula mzati.

Kubwezera

Mabawuti akale amene atenthedwa, kumenyedwa kapena kupotoka sabwereranso. Atsopano akhale olembedwa 8.8 pamutu, a utali ndi mazinga ofanana ndi akalewo. Pa Land Rover za Series zakale mazinga ndi a mainchesi osati a mamilimita, choncho bawuti ya M8 imalowa pang'ono n'kuthina, ndipo ikakakamizidwa imawononga nati. Pogula, kaya ku Milange, ku Mocuba kaya ku Limbe, ndi bwino kunyamula yakale kuti ayerekeze. Mabawuti a m'hadiweya opanda nambala, ogwiritsa ntchito pa mageti ndi mipando, ndi ofewa ndipo sayenera kunyamula chitseko cha galimoto. Achitsulo chosachita dzimbiri, onyezimira aja, amakopa eni magalimoto ambiri, koma akagundana ndi aluminiyamu amaidyetsa msanga kuposa chitsulo wamba, ndipo akamangidwa ouma amatha kugwirana ndi nati yawo. Wowasankha awapake girisi ndi kuika kapepala ka pulasitiki kapena ka mphira pakati pa hinjesi ndi khungu la chitseko.

Mazinga am'kati amayeretsedwa ndi tapu, kapena ndi bawuti yabwino yodulidwa mzere chautali ndi sowo kuti izikolopola dzimbiri. Paliponse pamene penti yapsa kapena kupalika papakidwe ina chitseko chisanabwerere, ndipo m'kati mwa mzati muthiridwe oilo. Pa mazinga a bawuti iliyonse papakidwe girisi wa kopa. Pomwe pali aluminiyamu, girisi wamba ndi wabwino kuposa wa kopayo. Bawuti yopakidwa girisi imathina msanga, ndiye simafuna kukokedwa mpaka mtsempha kutuluka pakhosi.

Mabawuti onse amayamba amangidwa mwapakatikati, hinjesi ili pa mzere unalembedwa uja. Chitseko chimatsekedwa pang'onopang'ono, n'kuona ngati mpata wozungulira ndi wofanana m'mwamba ndi m'munsi, ngati mzere wa chitseko walunjikana ndi wa phiko. Jeke imakweza kapena kutsitsa mpaka zikhale bwino, kenako mabawuti amamangidwa komaliza. Chokolera loko cha pamzati wakumbuyo chimasunthidwa pamapeto, kuti chitsatire chitseko. Chikagwiritsidwa ntchito yonyamula chitseko chogwa, chimadyeka pamodzi ndi loko.

Kusamala kwa pambuyo pake n'kosavuta. Dontho la oilo pa kachitsulo kapakati pa hinjesi nthawi iliyonse imene injini ikusinthidwa oilo, kutsuka matope kuseri kwa mahinjesi, kutsegula timabowo totulutsa madzi pansi pa chitseko ndi kawaya, ndi kuletsa anthu kulendewera pa chitseko pokwera kapena potsitsa matumba. Kamodzi pachaka, mu Okutobala mvula isanayambe, mwini galimoto yoyenda njira za ku Majaua ndi Mongue amasule mabawutiwa imodziimodzi, kuipaka girisi n'kuibwezera asanakhudze inzake. Akamachotsa imodzi yokha pa nthawi, chitseko sichisuntha pamalo pake, ndipo ntchito yonseyo pa zitseko ziwiri zakutsogolo sifika ola limodzi.